MZINDA UMENE UNKALAMULIDWA NDI AMONKE

Sabata ino tikutengani ulendo wautali wopita ku Mangalande, ndipo tibwereranso m'mbuyo zaka 700 kapena 800. Ambiri a inu mudziwa kuti pamene pamangidwa mishoni, posachedwa pamabwera sukulu, chipatala ndi nyumba ya kalipentala, kenaka msika ndi masitolo. Mzinda wa Blantyre unayamba chotero m'chaka cha 1876. Ku Ulaya zotere zinachitika kale lomwe, ndipo mizinda yambiri ya kumeneko inaphuka pambali pa tchalitchi monga bowa pachulu. Ife tikuuzani za mzinda umodzi wokha, kuti muone bwino m'mene zinthu zinkayendera. Dzina lake ndi Bury St Edmunds, m'dera la Suffolk, kumpoto chakum'mawa kwa London.

Mukafika mumzindamo lero mudzaona chipata chachikulu cha miyala yosema, chimene chinali polowera kwa amonke. M'khoma lake muli timapanga momwe kale munkaima zifanizo za anthu oyera mtima. Koma mukayang'anitsitsa m'timapangamo mudzaona ming'alu yaitali, yopapatiza. Imeneyi sinali yolowetsa mphepo ayi. Inali yoponyerapo mivi. Ndipo adani amene amonkewo ankawaopa sanali ochokera kutsidya la nyanja. Anali anansi awo, anthu a mumzinda womwewo. Kodi zinafika bwanji pamenepa? Tamvani.

MANDA A MFUMU

M'chaka cha 869 ankhondo ochokera ku Denmark anagwira Edmund, mfumu ya dziko la East Anglia, namupha. Anthu anati mfumu yawo yafera Chikhristu, nayamba kuitchula woyera. Patapita zaka, mtembo wake anakausunga pamudzi wina wotchedwa Beodricsworth, ndipo anthu anayamba kufika kuchokera kutali kudzapemphera pamandapo, odwala kufuna machiritso, ena kudzakwaniritsa zowinda zawo. M'chaka cha 1020 Mfumu Cnut, amenenso kwawo kunali ku Denmark, anaikapo amonke kuti azisunga mandawo. Dzina lakale la mudziwo linaiwalika, nutenga dzina la Edmund.

Amonke ndi amuna amene alumbira kukhala osakwatira, osakhala ndi chuma chawochawo, ndi kumvera mkulu wawo. A ku Bury ankatsata malamulo amene analemba Benedict wa ku Italy m'zaka za m'ma 500. Ankalowa m'tchalitchi kukapemphera kasanu ndi kawiri usana, ndi kamodzi usiku. Mkulu wawo ankamutcha Aboti, ndiye kuti Atate. Masiku amenewo anthu wamba analibe wotchi, tsono belu loitana amonke ndilo linkauzanso mzinda wonse nthawi yodzuka, yogwira ntchito ndi yoweruka.

Mmonke payekha analibe ngakhale kobiri, koma nyumba yawo inali yolemera koposa. Mafumu ndi anthu achuma ankapereka minda ndi midzi kuti amonke aziwapempherera akafa. Mfumu Edward, amene anamwalira m'chaka cha 1066, anapatsa Aboti ulamuliro wa chigawo chonse cha kumadzulo kwa Suffolk, ndi chilolezo cha kusula ndalama. Malire a mzinda anali ndi mitanda inayi, ndipo m'kati mwa mitandayo wantchito wa mfumu sankaloledwa kugwira munthu kapena kuweruza mlandu. Ngakhale Bishopu analibe mphamvu pa amonkewo, pakuti iwo ankayankha kwa Papa yekha.

MISEWU YOWONGOKA

Munthu amene anamanga mzinda weniweni ndi Aboti Baldwin, Mfalansa, amene analamulira kuyambira 1065 kufikira 1097. Iyeyu anali sing'anga wodziwa, ndipo anachizapo mafumu awiri, Edward ndi William. Anatenga minda imene inali kumadzulo kwa nyumba ya amonke, nailemba misewu yowongoka yodutsana monga mizere ya nsolo, nasiya malo a msika. Misewu imeneyi anthu akuyendamo mpaka lero.

Tikudziwa zimenezi chifukwa m'chaka cha 1086 Mfumu William anachititsa kalembera wa dziko lonse, ndipo zonse zinalembedwa m'buku lotchedwa Domesday Book. Bukulo linena kuti pa Bury panali nyumba 342 zomangidwa pamalo pamene zaka 20 m'mbuyomo pankalimidwa. Liwerenganso anthu 75 ophika mkate, ofulula mowa, osoka zovala, ochapa, osoka nsapato, ophika zakudya ndi alonda a pazipata, amene tsiku ndi tsiku ankatumikira Aboti ndi amonke. Taonani tsono: amonke ndiwo anali olemba ntchito aakulu a mzinda, ndiponso ogula aakulu a pamsika.

Baldwin yemweyo anayamba kumanga tchalitchi chatsopano, chimene chitatha chinali cha mapazi 505 m'litali, pafupifupi bwalo la mpira limodzi ndi theka. Miyala yake inkachokera ku Barnack, kutali, nibwera pa mabwato. Ntchito yotere inkadyetsa amisiri a miyala, akalipentala ndi osula zitsulo kwa mibadwo. Alendo odzapemphera nawonso ankafuna pogona, chakudya, makandulo ndi msipu wa akavalo awo. Chaka chilichonse mwezi wa September kunkachitika msika waukulu wa masiku ambiri pabwalo la kutsogolo kwa chipata, ndipo amalonda ankachokera ku London ndi kutsidya la nyanja. Pambuyo pake mzindawo unalemeranso ndi malonda a nsalu za ubweya wa nkhosa.

Tchalitchi chachikulu chija chinali cha amonke ndi alendo. Anthu a mumzinda anawamangira matchalitchi awo awiri m'kati mwa mpanda womwewo, cha St Mary ndi cha St James. Za cha St James amati Aboti Anselm anafuna kupita ku manda a Yakobo Woyera ku Spain, koma amonke ake anamletsa, ndipo iye anamanga tchalitchi m'malo mwa ulendowo. M'matchalitchi awiriwa ndimo ana ankabatizidwa ndi maliro kupemphereredwa. Anthu a ntchito imodzi kapena a dera limodzi ankapangana mabungwe, nasonkha ndalama zogulira makandulo, zochitira phwando pa tsiku la woyera wawo, ndi zothandizira mnzawo akadwala kapena akamwalira. Manda a mzinda wonse anali pomwepo, pakati pa matchalitchi awiriwo, ndipo anthu ankasonkhananso pamandapo kucheza ndi kuchita masewera.

Kunja kwa zipata za mzinda kunali zipatala 6. Musaganize za chipatala chonga cha lero, cha madokotala ndi jekeseni. Izi zinali nyumba zosungiramo okalamba, osauka, apaulendo ndi akhate, kumene ankalandira pogona, chakudya ndi mapemphero. Chakudya chotsala patebulo la amonke chinkagawidwa kwa amphawi pachipata. Amonke ankalembanso mabuku ndi manja pa zikopa za nyama. Baibulo lina lokongola, limene zithunzi zake anajambula mmisiri wotchedwa Hugo cha m'ma 1135, likusungidwa mpaka lero ku Cambridge.

KOMA ZONSE ZINALI ZA ABOTI

Mpaka apa mungati anthu a ku Bury anali odala. Koma mvula ikagwa kumachuluka zoliralira. Nthaka yonse ya mzinda inali ya amonke, ndipo mwini nyumba aliyense ankalipira lendi. Mmonke wosunga za m'tchalitchi ndiye ankasankha anyakwawa oyang'anira mzinda, ndipo msonkho wa pamsika ndi ndalama za milandu zinkapita kwa iye. Mmonke wina, amene tingamutche kapitao wa nkhokwe, anali ndi ufulu wogula zakudya pamsika ena onse asanagule. Ngakhale ndowe za ziweto zotayidwa m'misewu iye ankati ndi za minda ya amonke.

Nkhani zambiri za masiku amenewo tikuzidziwa chifukwa mmonke wina, Jocelin wa ku Brakelond, analemba zimene anaona ndi maso ake m'nthawi ya Aboti Samson, amene analamulira kuyambira 1182 kufikira 1211. Samson anali mwana wa anthu wamba wa ku Norfolk, ndipo ankalalikira anthu m'Chingerezi cha kwawo, pamene akuluakulu anzake ankakonda Chifalansa ndi Chilatini. Anapeza nyumbayo ili ndi ngongole zoposa mapaundi 3,000 zimene anasiya Aboti wokalamba amene anamtsogolera, ndipo anazibweza zonse. Anamanga chipatala cha St Saviour. Anagula nyumba za miyala nazipereka kwa mphunzitsi wamkulu, kuti ophunzira osauka asamalipire lendi ya sukulu.

Panali mwambo wofanana ndi thangata. Kale anthu a mumzinda ankapita kukakolola m'minda ya amonke, koma pambuyo pake anagwirizana kuti nyumba iliyonse izipereka kobiri limodzi kumayambiriro kwa August. Olemera anayamba kuzemba, ndipo kapitao wa nkhokwe ankayenda khomo ndi khomo kwa osauka, kulanda mipando, miphika, ngakhale zitseko, monga chikole. Amayi okalamba ankatuluka ndi timitengo tawo topotera ulusi, namuopseza ndi kumutukwana mumsewu. Samson anaona kuti zimenezi zikuchititsa manyazi nyumba ya Mulungu. Anathetsa kuyenda khomo ndi khomo, nalamula kuti mzinda uzipereka masileni 20 pamodzi chaka chilichonse. Amonke ena anang'ung'udza kuti Aboti akutaya ufulu wawo.

Nkhani ina ndi ya Ketel, munthu amene ankakhala kunja kwa chipata cha mzinda. Anamneneza kuba. Kunjako mlandu wotere unkathera pa kumenyana: womneneza ndi wonenezedwa ankalimbana, ndipo wogonja ankayesedwa wolakwa, monga makolo athu ankayesera munthu ndi mwabvi. Ketel anagonja, ndipo anampachika. Anthu a mumzinda anadzudzula amonke, nati akadakhala m'kati mwa chipata, anansi ake akadamlumbirira ndipo akadapulumuka. Samson anamva mawuwo, nasintha mwambo kuti anthu a kunja kwa chipata nawonso aziyankha ku bwalo la mzinda.

Koma musaganize kuti Samson anali wofatsa. M'chaka cha 1191 wansembe wina wokalamba, Herbert, anamanga chigayo choyendera mphepo pamalo pake. Aboti atamva anapsa mtima mpaka kulephera kudya, pakuti anthu ankagayitsa tirigu pa zigayo za amonke nalipira. Analamula kuti akachigwetse. Herbert anadza kudzadandaula kuti mphepo ilibe mwini, ndipo kuti iye afuna kugaya tirigu wake yekha. Samson anamuyankha kuti anansi adzathamangira komweko ndipo zigayo za amonke zidzaluza, namuuza kuti asanafike kwawo adzamva za chigayo chake. Mkuluyo anathamanga, naitana anthu amene anamanga aja kuti achiphwasule msanga, kuti apulumutseko matabwa. Antchito a amonke pofika anapeza palibe chogwetsa.

Tsiku lotsata Khirisimasi m'chaka cha 1197, masewera ogwetsana a pamanda paja anasanduka ndeu pakati pa antchito a Aboti ndi anthu a mumzinda, mpaka mwazi unakhetsedwa. Samson anachotsa olakwawo mu mpingo, kuyambira antchito ake omwe. Masiku amenewo chilango chimenechi chinali choopsa kuposa ndende, pakuti wochotsedwa sankadya ndi anzake, ndipo akafa sankaikidwa m'manda a Akhristu. Amuna oposa 100 anavula malaya nagona pansi pakhomo la tchalitchi kupempha chikhululuko. Samson atawaona analira, koma anayamba awakwapula asanawamasule. Taonani mphamvu ya munthu mmodzi amene ali mwini nthaka, woweruza, ndiponso wosunga makiyi a tchalitchi.

Pali chinthu china choipa chimene sitingachibise. Mumzindamo munkakhala Ayuda, ndipo ena a iwo ndiwo anakongoza amonke ndalama. Pa Lamulungu la Kanjedza m'chaka cha 1190 gulu la anthu linawaukira, nipha Ayuda 57. Samson, m'malo moteteza otsalawo, anapempha chilolezo kwa mfumu nawathamangitsa mumzinda, ati chifukwa aliyense wokhala m'kati mwa mitanda inayi ija ayenera kukhala munthu wa Edmund Woyera.

CHAKA CHA 1327

Zaka zinapita, ndipo amalonda a ku Bury analemera. Ankayenda ku mizinda ina, naona kuti kumeneko anthu alandira kalata ya pangano yochokera kwa mfumu, yowalola kusankha atsogoleri awo, kutolera misonkho yawo ndi kusunga zipata zawo. Iwo kwawo, ngakhale anali ndi nyumba za miyala ndi antchito, ankapemphabe chilichonse kwa mmonke. Anayesa kuukira m'chaka cha 1264, koma sanaphule kanthu.

Mwezi wa January 1327 dziko linali pa chipwirikiti, pakuti Mfumu Edward Wachiwiri anali kuchotsedwa pampando. Anthu pafupifupi 3,000 anathyola zipata za amonke. Anamenya antchito, natenga chuma, koma chimene anachifunafuna kwambiri chinali makalata a nthaka ndi a ngongole. Wachiwiri kwa Aboti pamodzi ndi amonke ena anawatsekera m'nyumba ya misonkhano ya mzinda. Aboti Richard wa ku Draughton atabwera kuchokera ku London, anamuopseza ndi imfa mpaka anadinda chidindo chake pa kalata yopatsa mzinda ufulu wodzilamulira. Koma atangotuluka nabwerera ku London, anakana zonse, nati pangano la munthu wogwidwa pakhosi si pangano.

Chaka chonsecho munali ndeu. Ndipo dziwani kuti iyi sinali nkhondo ya anthu okana Mulungu. Ansembe ena a m'matchalitchi a anthu wamba anali mbali ya mzinda, ndiponso abale a chipani cha Francis Woyera, amene amonke anawakaniza kumanga m'kati mwa mzinda nawakankhira kunja ku Babwell. Mwezi wa October amonke ndi antchito awo anatenga zida nagwira anthu ali m'tchalitchi. Pamenepo mzinda wonse unadzuka. Anatentha nyumba zambiri za amonke, nagwetsa chipata chachikulu, napita ku minda yawo kukatenga ng'ombe, nkhosa ndi tirigu.

Boma la mfumu linatumiza asilikali. Ena a atsogoleri anapachikidwa, ndipo ngolo 30 zodzaza ndi akaidi zinapita ku Norwich. Mzinda unalipitsidwa mapaundi 140,000, ndalama zimene sakadatha kuzipeza ngakhale atagulitsa nyumba zonse. Koma ena amene anathawa sanagonje. M'chaka cha 1328 anagwira Aboti Richard pa nyumba yake ya kumudzi ku Chevington, nammeta tsitsi ndi nsidze kuti asadziwike, nam'bisa ku London, kenaka namuolotsa nyanja kupita naye ku Diest, m'dziko limene lero ndi Belgium. Anapezeka chaka chotsatira. M'chaka cha 1331 mbali ziwirizo zinagwirizana: dipo lija linatsitsidwa kufika pa mapaundi pafupifupi 1,300 olipira pang'onopang'ono, koma kalata ya ufulu inafafanizidwa. Ndipo amonke anamanga chipata chatsopano pafupi ndi pamene panali chakale. Ndicho chija tinayamba nacho, cha zifanizo za oyera mtima kutsogolo ndi ming'alu ya mivi kumbuyo kwake.

Mliri waukulu wa 1349 unapha amonke ndi anthu wamba osasankha. M'chaka cha 1381, pamene alimi a dziko lonse anaukira chifukwa cha msonkho wa mutu, anthu anagwira wachiwiri kwa Aboti, John wa ku Cambridge, namdula mutu pafupi ndi Mildenhall, naukweza pamtengo pamsika wa Bury. Mzinda unalipanso dipo, ndipo Aboti anakhalabe mwini wake.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo sanaleke kukonda matchalitchi awo. M'zaka za m'ma 1400 anamanganso cha St Mary ndi ndalama zawo, chachikulu ndi chokongola, chokhala ndi angelo osema pa mitanda ya denga. Munthu wina wolemera, Jankyn Smyth, amene anamwalira m'chaka cha 1481, anasiya minda yake kuti phindu lake lizithandiza anthu a mumzinda kulipira misonkho, pamodzi ndi ndalama zimene ankapereka nthawi iliyonse pakalowa Aboti watsopano. Anthu a ku Bury amamkumbukirabe ndi mapemphero chaka ndi chaka.

MAPETO A NYUMBAYO

Chimene anthu 3,000 anachilephera, mfumu imodzi inachichita ndi kalata. Henry Wachisanu ndi Chitatu atakangana ndi Papa anatseka nyumba zonse za amonke m'dziko la Mangalande, natenga chuma chake. Ya ku Bury inaperekedwa mwezi wa November 1539. Amonke anapatsidwa penshoni nabalalika, ndipo Aboti wotsiriza, John Reeve, anamwalira chaka chotsatira m'nyumba ina ya mumzindamo. Antchito a mfumu anakanganula mtovu wa padenga. Anthu a mumzinda anayamba kugula ndi kututa miyala yosema kukamangira nyumba zawo, mpaka tchalitchi cha mapazi 505 chija chinatsala zipupa zogumukagumuka. Chipatala cha St Saviour chinatsekedwanso, ndipo chakudya cha amphawi cha pachipata chinatha.

Ufulu umene ankaulirira sunabwere msanga. Mzinda unalandira kalata yake yodzilamulira m'chaka cha 1606 kuchokera kwa Mfumu James Woyamba, patapita zaka 279 chichitikire chipolowe chija. Matchalitchi awiri a anthu wamba alipobe ndipo anthu akupempheramo. Cha St James chinasanduka tchalitchi cha Bishopu m'chaka cha 1914. Pamene panali nyumba za amonke tsopano pali munda wa maluwa wa anthu onse, ndipo m'khoma la kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu chija anthu anamangamo nyumba zogonamo, zimene mukukhala mabanja mpaka lero.